Agwape Atatu Otsala

Rog, 6 Seputembala 1987

Wokondedwa Zehra,

Landira moni wochokera kunkhalango kuno. Ndikhulupirira kuti iwe, amayi ndi mwana wathu Amira nonse muli bwino. Ine ndili bwino, kungoti zala za kumanja zija zayambiranso dzanzi m'mawa. Amayi usawauze.

Chifukwa cha zala zomwezo andichotsa m'gulu lodula mitengo. Usadandaule, ntchito sinathe. Adokotala a kampani ati ndisagwire macheka a injini kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndiye bwana Oblak, amene amayang'anira za nyama, anditumiza kumtunda kuno kuti ndizithandiza mlenje wa kampani. Dzina lawo ndi a Lojze, mdala woti watsala ndi chaka chimodzi kuti apume pa ntchito. Tikukhala awiri m'nyumba ya matabwa, wachitatu ndi galu wawo, Bistra. Mudzi wapafupi ndi maola atatu wapansi. Hasan ndi anzathu onse akwathu atsala kumunsi. Ngakhale chilankhulo chawo n'chosiyana ndi cha kwathu, a Lojze amandimva, ine ndimawamva, koma tsiku limatha tisanafike mawu makumi awiri.

Ntchito yanga ndi kukonza nsanja zodikirirapo nyama, kuika mchere pa zitsa ndi kututa udzu wouma woti nyama zidzadye chipale chofewa chikagwa. Tsiku loyamba anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Iwe Mbosniya, unagwirapo mfuti?"

"Kuusilikali, bambo."

"Kuusilikali amaphunzitsa phokoso. Kuno uzinyamula mchere."

Mfuti yawoyo utaiona ungaseke. Ndi yakale, yothyola pakati, imalowa chipolopolo chimodzi basi. Chipolopolo chakecho amachitcha 5,6, ndipo nsonga yake ndi yowonda kuposa pensulo ya Amira. Alendo a ku Italy akabwera ndi zimfuti zawo zikuluzikulu amaiseka. A Lojze amangoti, "Gwape si chimbalangondo. Zanuzo zimaphwanya phewa lonse, ndiwo n'kutsala m'tchire."

Ndalama ndamupatsira Hasan, afika Loweruka. Usazisunge, mphamvu ya dinala yathuyi ikugwa tsiku ndi tsiku. Ugule khofi, shuga ndi nsapato za mwana. Achimwene Fadil uwapemphe akonze denga la khola mvula isanalimbe, ng'ombe ingadwale ngati chaka chatha.

Amayi uwapsompsone dzanja m'malo mwanga.

Ndine mwamuna wako,
Rasim

Rog, 11 Okutobala 1987

Zehra wanga,

Moni kwa nonse. Kalata yako ndailandira Lachitatu, anabwera nayo woyendetsa lole ya matabwa. Ndakondwa kumva kuti chimanga mwakolola bwino. Za chifuwa cha amayi, usadikire kuti anene okha. Ukuwadziwa. Uwatengere kuchipatala ngakhale akalipe.

Ine ndili bwino. Pali nkhani ina, koma ukawerenga kalatayi uyiike pamoto. Ngakhale achimwene asaimve.

Chaka chilichonse a Lojze amapatsidwa chiwerengero cha agwape aakazi oti aphe Disembala asanathe, poti akachuluka amatha timitengo tating'ono tomwe kampani imadzala. Chaka chino ndi khumi ndi anayi. Seputembala yense wadutsa osapha ndi mmodzi yemwe. Ine ndimaona ngati ndi ulesi wa ukalamba.

Lolemba m'mawa tinakwera pansanja ya kudambo. Kutangoyera, gwape wamkazi anatuluka m'zitsamba n'kuyamba kudya poyera, pafupi moti ndimaona khutu lake likugwedezeka. Ndinawagunda ndi chigongono. Anakweza mfuti n'kulozetsa pa chitsa, kutali ndi pomwe nyama inali. Anakhala choncho nthawi, kenako anatsitsa.

"Ali kuti?" ananong'ona.

"Kumanzere, bambo. Pafupi ndi mwala."

"Mwala uti?"

Apo ndinazindikira. Anandiuza osandiyang'ana kuti kuyambira chilimwe amaona ngati akusuzumira pa zenera logwira nthunzi. Bwana Oblak akadziwa, amuchotsa mdalayo nthawi isanakwane, penshoni n'kudulidwa, nyumba ino n'kupatsidwa wina. Akazi awo anamwalira, ana alibe.

Anandiika mfuti m'manja.

"Tamvera, Mbosniya. Kachipolopolo aka sikakhululuka. Usapitirire mamita 80. Ulase kumbuyo kwa phewa, osati pena. Pakakhala kanthambi pakati, ngakhale kamodzi, usiye. Ukakayika, usiye."

Ndinalozetsa. Ndinanena Bisimila chamumtima n'kukhethemula. Kulira kwake n'kochepa, ngati wathyola thabwa louma. Gwape anadumpha, kuthamanga pang'ono, n'kugwa.

Titafika, a Lojze anafufuza bala ndi zala. Anathyola kanthambi kobiriwira, kuika m'kamwa mwa nyamayo monga mwa mwambo wa alenje, n'kuvula chipewa. Inenso ndinavula.

"Kuusilikali kuja sanakuwononge kwambiri," anatero. Ndiwo mawu okoma oyamba amene ndamva kuno.

Chilolezo cha mfuti ndilibe, Zehra. N'chifukwa chake ndati uotche.

Nkhuni mugule tsopano zisanakwere. Amira asajombe kusukulu chifukwa cha ng'ombe.

Rasim

Rog, 15 Novembala 1987

Wokondedwa Zehra,

Moni wa mtendere kwa iwe ndi onse apakhomo. Ndikuthokoza kuti amayi unawatengera kuchipatala ku Cazin. Sunandilembere zomwe adokotala ananena. Wangoti awapatsa mankhwala n'kuwabweza kunyumba. Kodi anena chiyani kwenikweni? Ulembe mmene zilili.

Ine ndili bwino, zala zikuchitako bwino. Kwayamba kuzizira kwambiri. Masokosi a ubweya aja andithandiza.

Wafunsa ngati ndibwera pa tchuthi cha dziko cha pa 29, monga achitira anzanga onse. Sinditha. Kukubwera alendo anayi ochokera ku Italy, ndipo a Lojze sangayende nawo okha. Ine ndimayenda kumbuyo kwawo ngati wonyamula katundu, n'kumawanong'oneza kuti muzu pano, nyama kumanja. Alendowo amati mdalayu amanunkhiza nyama ngati galu.

Agwape tafika asanu ndi anayi, aliyense ndi chipolopolo chimodzi. Sabata yatha bwana Oblak anabwera kudzaona nyama zomwe tinapachika m'shedi. Anaika chala pa bala lililonse, onse pamalo amodzimodzi.

"A Lojze, inu mukukalamba chobwerera. Diso limeneli mudzandisiyire."

"Mudzalitenge, bwana, ine ndatopa nalo."

Ine ndinali kumbuyo ndi thumba la mchere paphewa. Bwana atapita, mdala analowa m'nyumba, ndipo tsiku limenelo sanadye.

Ndi munthu wovuta koma si woipa. Anagula poto wina woti aziphikira ine ndekha, kuti ndisadye mafuta a nkhumba. Amati, "Poto wa shehe uyu, usamusokoneze ndi wa ife ochimwa." Ine ndimawaphikira khofi wa kwathu, iwo amati ndi matope, koma kapu amaitsiriza.

Chondivuta ndi Lamlungu. Iwo amakhala pa zenera kumvera wailesi, ine ndimachapa, ndikatha ndimasowa chochita. Pansanja zimakhalako bwino, chifukwa kukhala chete kumeneko ndi ntchito. Umakhala maola awiri osasuntha, kumvera masamba. Nthawi zina ndimaiwala zoti ndikudikira nyama, n'kupezeka ndili pakhomo pathu, ndikukuona ukutuluka m'khola ndi ndowa ya mkaka. Kenako Bistra amandinyambita dzanja.

A Lojze sindinawauze za matenda a amayi. Ali ndi zawo zokwanira. Agwape atsala asanu okha, ndipo ndikamaliza ndibwera kudzakhala mpaka chaka chatsopano chidutse.

Mwana wa ng'ombe musagulitse pano, mitengo si yabwino.

Mwamuna wako,
Rasim

Rog, 13 Disembala 1987

Zehra,

Moni. Kalata yako ya pa 6 yafika dzulo. Ndaiwerenga kangapo.

Ngati sakudzukanso pabedi, ndiye kuti zomwe adokotala ananena unkazidziwa kale. Sindikukudzudzula. Inenso ndili ndi zomwe sindinena.

Uwauze kuti ndamva zoti akundiitana. Uwauze kuti Lachisanu pa 18 nditsika ndi lole ya m'mawa, ndikwera basi ya masana ku Kočevje, ndipo Loweruka ndikhala ndafika pakhomo. Ndawagulira shawelo ya ubweya, yobiriwira.

Agwape atsala atatu. Achenjera tsopano. Chipale chagwa pang'ono n'kuuma pamwamba, moti ukaponda chimalira, nyama n'kukumva uli kutali. Masiku anayi apitawa sindinapeze mpata ndi umodzi womwe. Ndiyesetsa mpaka Lachinayi. Ndikalephera, otsalawo ndidzawaona ndikabwerako, mwezi usanathe. A Lojze ndawauza kuti ndikupita kukaona denga la nyumba.

Achimwene Fadil asamasute fodya m'chipinda cha amayi. Uwauze kuti ndanena ndine.

Rasim

Rog, 27 Disembala 1987

Zehra,

Moni kwa iwe ndi Amira. Sindikudziwa kuti ndiyambire pati. Thupi lili bwino.

Telegalamu ya achimwene inandipeza Lachitatu pa 23. Akuti amayi anatisiya Lamlungu, ndipo munawaika Lolemba. Mulungu awachitire chifundo.

Ndikufuna umve kwa ine mwini chifukwa chake sindinafike, usanamve kwa ena.

Lachinayi lija m'mawa tinali pansanja ya kuchigwa. Gwape wamkazi anatulukira patali, mamita oposa 120, kuseri kwa timitengo. Ndinadziwa kuti ndi kutali. Ndinaziona nthambizo. Koma ndinati ndikapha ameneyu atsala awiri, ulendo ndiyenda mtima uli m'malo. Ndinaomba.

Sanagwe. Anadumpha n'kulowa m'nkhalango, mwendo wakutsogolo ukulendewera.

A Lojze sanaone kanthu, koma anamva.

"Kulira kumeneko si kwa phewa. Anali pati?"

Ndinawauza zoona.

"Ndinakuuza chiyani ine? Wathamangira chiyani? Denga lako likugwa lero lomwe?"

Tinatsika pansanja. Gwapeyo tinamutsata ndi Bistra tsiku lonse. Magazi anali madontho apa ndi apo. Kawiri tinamudzutsa pomwe anagona, koma amathawa ndisanakweze mfuti. Mdima utagwa tinabwerera.

Lachisanu m'mawa chikwama changa chinali pakhomo, shawelo ya amayi ili pamwamba. Lole inaima pamsewu n'kuliza hutala. A Lojze anali atavala kale, galu ali pa chingwe.

"Pita," anatero. "Ndimupeza ndekha."

Amupeza bwanji, Zehra? Galu akanawafikitsa pa nyama, koma akanaomba ndani? Munthu woti pa masitepe a nyumba yake yomwe amachita kufufuza ndi phazi. Ndipo amene anathyola mwendo uja ndine. Ndinati tsiku limodzi lokha, nditsika mawa wapansi, basi ya Loweruka iliponso. Ndinabayibitsa lole.

Gwapeyo tinamupeza dzuwa litapendeka, mu mtsinje. Anaima m'madzi ndi miyendo itatu, akutiyang'ana, osathanso kuthawa. Ndinayandikira mpaka mamita 30. Chipolopolo chimodzi.

Tikumunyamula, chipale chinayamba kugwa. Chinagwa masiku atatu osaleka. Loweruka ndinanyamuka kukucha. Chinkandifika m'chiuno. Nditayenda maola awiri ndinapezeka ndili pa nsanja yachiwiri, pomwe masiku onse ndimafika khofi asanazizire m'mimba. Msewu sumaoneka, zizindikiro za pamitengo zitakwiririka. Ndinabwerera. Lamlungu ndinayesanso.

Amene anabwera ndi telegalamu ndi woyendetsa thalakitala yokankha chipale. Anavula chipewa pakhomo n'kunena kuti, "Pepa, Rasim, mayi ako." A Lojze anali kumbuyo kwanga.

Munthuyo atapita anandifunsa. "Amadwala?"

"Eya."

"Kuyambira liti?"

"Okutobala."

Anakhala pampando, manja pa mawondo. Patapita nthawi anati, "Denga." 

Msewu ndi wotsegula tsopano. Ndikanatha kunyamuka Lachinayi. Ndinafika mpaka pa lole, koma ndinalephera kukwera. Sindikudziwa kuti achimwene ndiwayang'ana bwanji, ndi anthu onse amene ananyamula amayi anga ine kulibe.

Undilembere.

Rasim

Rog, 10 Januwale 1988

Wokondedwa Zehra,

Moni wa chaka chatsopano, ngakhale kwa ife si chaka chosangalatsa. Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi mwana. Lole yabwera kanayi, kalata yako palibe. Hasan wabwerako kumudzi. Akuti anakuona pa chitsime koma sunamupatse mawu. Akutinso achimwene safuna kumva dzina langa. Ndamva.

Kuno zinthu zasintha. Lolemba pa 28 a Lojze anavala jekete yawo ya ku tchalitchi, kupukuta mfuti, n'kukwera lole. Sanandiuze kopita. Anabwera madzulo opanda mfuti.

"Ndawauza a Oblak," anatero. "Zonse. Za maso, za agwape khumi ndi awiri. Ndanena kuti ndinakukakamiza."

"Simunandikakamize."

"Iwe khala chete. Ukakafunsidwa ukanene zomwezo."

Ndinakwiya, Zehra. Sindinakwiyirepo munthu wamkulu choncho. Ndinati atsala awiri okha, masiku atatu alipo, ndikanawapha. Ndinati ndiye zonsezi zapita pachabe, amayi anga ndawataya pachabe.

"Ndani anakupempha?" anatero. "Ndinakupempha agwape. Mayi ako sindinakupemphe. Ukanandiuza, ndikanakuthamangitsa ndi ndodo mu Novembala momwe. Ukufuna ndizidya penshoni imeneyo mwezi ndi mwezi, ndikudziwa mtengo wake?"

Ndinatuluka kukawaza nkhuni zomwe sitimazifuna n'komwe.

Mfuti yatsala ku polisi chifukwa chilolezo chawo chalandidwa. Awapumitsa pa ntchito. Lachinayi anapita kwa mlongo wawo ku Novo Mesto, komwe akadikire opaleshoni ya maso. Kumeneko ndi nyumba zosanjikizana, galu saloledwa, ndiye Bistra watsala ndi ine. Pokwera lole ndinawagwira mkono. Anati, "Khofi wako uja ndi woipa, Mbosniya, koma ndimusowa." Anandisisita tsaya ngati mwana. Poyamba analakwitsa, n'kugwira khutu.

Panopa ndili ndekha mpaka mlenje watsopano abwere. M'mawa uliwonse ndimanyamula udzu kupita nawo modyera nyama. Agwape amabwera ndikadali pomwepo, ngati akudziwa kuti m'manja mulibe kanthu. Galu amagona pakhomo la chipinda cha mdala, ndipo akudya pang'ono. Masiku ena ndimazindikira madzulo kuti sindinatsegule pakamwa chiyambire m'mawa.

Bwana Oblak ati ndisachoke mpaka pa 20, tsiku lomwe akuluakulu a kampani adzakambe mlandu wanga. Mwina ntchito itha. Ngati zitero, mwana wa ng'ombe uja mudzagulitse.

Lemba, Zehra. Ngakhale zonditukwana.

Rasim

Rog, 24 Januwale 1988

Zehra wanga,

Moni. Kalata yako yafika Lachisanu. Ndathokoza kumva kuti iwe ndi Amira muli bwino. Inenso ndili bwino.

Ndiyambe ndi zazing'ono. Mlandu unakambidwa. Andipatsa chenjezo lolemba, ndipo mu Malichi ndibwerera ku gulu lodula mitengo. Bwana Oblak anandiperekeza mpaka panja n'kunena kuti mabala khumi ndi limodzi aja sanaonepo otero, ndipo ndikafuna andilembetsa mayeso a ulenje. Ndinawathokoza, koma ndinati ayi. Mlenje watsopano wafika dzulo. Ndi munthu wofatsa, galu wamulandira.

Tsopano za kalata yako.

Ndimaganiza kuti wakhala chete chifukwa chondikwiyira. Sindinadziwe kuti nawenso unali ndi chokulemera. Walemba kuti Loweruka lonse amayi ankafunsa ngati basi yadutsa. Kuti Lamlungu masana, mpweya utayamba kuvuta, anakugwira dzanja n'kufunsanso, ndipo iwe unati, "Wafika, amayi. Ali pakhonde, akuvula nsapato." Kuti anati, "Muuze asafulumire, angalowetse matope," n'kutseka maso, ndipo sanadzukenso.

Ukufunsa ngati unachimwa kunamiza munthu ali pa imfa. Wati sunauze shehe, sunauze achimwene, ndipo mwezi wonse sukugona.

Ine si shehe. Koma ndakhala nayo kalatayi masiku awiri, ndipo chomwe ndikudziwa ndi ichi: amayi anapita akudziwa kuti mwana wawo wafika. Zimenezo sindinawapatse ine. Unawapatsa ndiwe. Ngati pali tchimo pamenepo, ndi langa, ndipo ndidzalinyamula ndine. Iwe ugone.

Sadaka ya masiku makumi anayi ndi Lachisanu pa 29. Nditsika Lachitatu, kuti kaya kugwe chiyani ndikhale ndafika. Ugule ufa, mafuta ndi shuga wophikira halva, chotsekemera cha pa sadaka, ndipo uitane amayi onse amene anakuthandiza kusambitsa maliro. Achimwene Fadil ndikawaona ndekha. Akafuna kunena, anene, ndidzaima n'kumvera mpaka amalize. Shawelo ija ndibwera nayo. Uone wekha woyenera kumupatsa.

Usabwere kudzandichingamira ku basi, kukuzizira. Ndikafika ndidzakhala pakhonde n'kuvula nsapato. Mwina ndidzatenga nthawi. Usandiitane, ndidzalowa ndekha.

Ndine mwamuna wako,
Rasim